Kalasi yako andipatsa ine, Tiyamike

Tiyamike, lero patha chaka kuchokera pamene tinakuika m'manda, ndipo ahedi asankha lero lomweli kundipatsa kalasi yako ya Chingerezi ya Fomu 4, poti amene analowa m'malo mwako wasamutsidwa. Ine, mphunzitsi wa zaulimi! Akuti mawa ndikayambe ndi ziganizo zija zonena zimene zikanachitika koma sizinachitike, zomwe zinandizunza kuyambira ku koleji.

Ukukumbuka tikutsika phiri la ku Mvera pa matola, mvula ikugwa, galimoto ikuterereka? Ine ndinakumbatira belo la fodya la eni ake n'kumapemphera, iwe uli kukhutu kwanga kundifotokozera ziganizo zomwezo. Ndinati, "Mayi iwe, tikufatu!" Unati, "Ndiye ufe ukudziwa, usakandichititse manyazi kumwamba." Ndinaseka mpaka tinafika kunsi, koma palibe chimene chinalowa m'mutu. Tsopano ana akowa mayeso ayandikira, ndipo ambiri akalephera sadzabwereranso ku sukulu. Ndikuopa kuwaphera tsogolo ndi pakamwa pangapa. Mawa wina akakweza dzanja kuti sanamve, ine ndikayang'ana kuti?