Mphindi zitatu za mwana wa NyaMhango

Mboni zanga ndi zitatu: a sisitala NyaGondwe a ku wodi ya makanda, a Kumwenda dalaivala wa chipatala, ndi amayi NyaSoko a ku Katoto. Awiri anatisiya, wachitatu masiku ano amaiwalaiwala, koma limenelo si vuto langa. Zonse ndinene pano n'zoona.

Ntchito ndinaipeza chifukwa chosayankhula. Ndinapita kuchipatala cha mishoni kukafunsa ya ulonda, n'kulowa ofesi yolakwika. Munali a Dokotala Longwe, amene ankafufuza za ana obadwa ndi bowo mumtima. Anayamba kufotokoza, ine n'kumagwedeza mutu ola lathunthu poti palibe chimene ndinkatolapo. Pomaliza anati, "Adada, ndinu woyamba mu Mzuzu muno kundimvera mpaka kumapeto. Muyambe Lolemba."

Ntchito yake inali yosunga bata. A Dokotala ankajambula kugunda kwa mitima ya makanda pa kaseti n'kutumiza ku Blantyre, kumene akatswiri ankasankha ana oti aitanidwe kukathandizidwa. Zida zinali wailesi ya kaseti ya mabatire asanu ndi limodzi, zomvera za m'makutu, ndi kamaikolofoni komatidwa ndi pulasitala ku kachitsulo kopimira pachifuwa. Ine ndinkafunditsa kachitsuloko m'manja kuti mwana asadzidzimuke, kubweza kaseti ndi pensulo, kutchinga mawindo ndi mabulangete, kenako kutuluka kukalimbana ndi phokoso. Mvula ikamawaza ndinkayala masaka padenga la malata. Tambala wa kukhitchini anafika pondizolowera moti ankangoyasamula kukamwa, mawu osatulutsa. A Kumwenda anaona ndi maso awo.

Mtima wabwino umati du-du, du-du. Wabowo umakhala ndi kampweya pakati, fuu, ngati munthu akuuzira tiyi chipinda china. Masana ena ndinkavala zomvera zija n'kumamvetsera makaseti akale, nkhungu itatsamira pawindo, ndipo zinkakhala ngati tauni yonse yamira m'madzi, ana onsewo akuyenda pansi pake pang'onopang'ono, aliyense ndi kampweya kake.

Tsiku lovuta linali Lachinayi. Tinali ndi mwana wa NyaMhango wa ku Lupaso, wamkazi, wopanda dzina poti mchombo unali usanagwe. Akamayamwa ankatuluka thukuta, milomo n'kuda bii. Ndege yonyamula makalata inkanyamuka 2 koloko masana, ndipo ina inali ya sabata yotsatira. A Dokotala anati, "Uyu sangadikire sabata. Mundipezere mphindi zitatu zokha."

Koma pabwalo la kuseri kwa mpanda, amayi a chipani ankakonzekera magule olandirira mtsogoleri wa dziko. Ng'oma zinayi, ndipo mzere wa amayi unkakhotera mpaka ku dera la Geisha. Pa kaseti pathu pankangomveka gule. Masiku amenewo, munthu wouza amayi aja kuti asiye kuvina ankakafotokoza kwina, abale n'kumangoyang'ana kumsewu.

Ndinatuluka khadi la chipani nditalikweza m'mwamba ngati ambulera, n'kukagwada pamaso pa tcheya wawo, amayi NyaSoko aja.

"Monire, amama."

"Yewo. Mwabwera kudzavina, adada? Ndi timiyendo timeneti?"

Bwalo lonse linaseka. Mawu oti "tasiyani" anafika pakhosi n'kubwerera okha. Ndinangoti, "Amama, tabwerani mutithandize kumva kanthu kena. Athu makutu alephera."

Anabwera, thukuta lili chuchuchu. A Dokotala ataona nsalu ya chipani ikulowa, cholembera chinawapulumuka m'manja. A sisitala NyaGondwe anangowaveka amayi NyaSoko zomvera zija. Ine ndinafunditsa kachitsulo n'kukaika pachifuwa cha mwana. Amayi NyaSoko anatsinzina, kenako anakwinya nkhope.

"Ali kutali chomene mwanayu. Akusokosa choncho ndani?"

Tonse tinayang'ana pansi.

Anavula zomvera, anatuluka, ndipo tinamva wezulo kamodzi kokha.

Bata ngati limenelo silinabwerenso mu Mzuzu. Ndinamva nkhungu ikukhudza udzu. Ndinamva wotchi ya mphunzitsi wina ku Katoto, ndipo inali yotsalira. Khwangwala anaima m'malere osakupiza mapiko. Amayi onse aja anauma pamene anali, ena mwendo uli m'mwamba. M'chipinda munkangomveka kamtima kaja, du-fuu-du, kakukwera phiri kokhakokha, NyaMhango atagwira kaphazi ka mwana wake.

A Dokotala anajambula malo anayi a pachifuwa n'kudina batani. Amayi NyaSoko anasuzumira pakhomo.

"Zatha?"

"Zatha, amama. Yewo chomene."

"Ndiye mumusendeze pawindo, naye amveko gule."

Ng'oma zinayambiranso. A Kumwenda anapeza ndege itayamba kale kuthamanga, ndipo kasetiyo anaiponyera pawindo la woyendetsa. Lolemba kunabwera telegalamu yoti mwana apite ku Blantyre. Patatha miyezi ingapo NyaMhango anadzationetsa mwana wonenepa, wa chipsera pachifuwa, wolira mokweza moti ndinawapempha kuti akaimire kunja kwa mpanda.

Ndinagwira ntchitoyo zaka zinayi, ndipo kupatula mwana ameneyo, sindinathamangitsenso wosokosa aliyense. Ndinkangomugwira dzanja, kumulowetsa, n'kumuveka zomvera za m'makutu. Ankatuluka akuyenda monyang'ama.