Tsiku limene amuna anga anaiwala ntchito ya chitini

Izi sindinamve kwa munthu ayi, ndinaziona ndi maso angawa kwathu ku Chifunda, ndipo amene akuti ndikuwonjezera abwere ndimuonetse chitinicho, chikadali m'nyumba.

Kwathu kuno njovu zikalowa m'chimanga timamenya zitini n'kumakuwa, ndipo malemu amuna anga akamenya chawo mudzi wonse unkadziwa kuti ndi iwo. Matenda awo anayamba ngati nthabwala. Anapita kuchigayo panjinga, n'kubwera wapansi atasenza ufa, njinga ataisiya komweko. Anthu anaseka, inenso ndinaseka, nanga ndikanadziwa bwanji? Zaka zimenezo ankalima bwinobwino, kutchalitchi ankaimba, kungoti funso limodzi ankalibwereza mpaka ine kuwayankha mokalipa.

Namwino wina anandiuza kuti kuiwala kotere kwa ena kumaima pomwepo, koma kwa ena kumakula mpaka munthu kulephera kudzisamala. Nditakauza alamu anga, anati ndi ukalamba chabe, ndisachititse manyazi akulu awo. Koma bambowo atayamba kusochera pochokera kuchimbudzi ndi kumanditchula dzina la malemu amayi awo, alamu omwewo anatembenuka, akuti ndawadyetsa mankhwala achikondi. Ine nkhalamba ya imvi, mankhwala achikondi ndiwatani? Woti abwere andithandize kuwayang'anira, ameneyo ndiye kunalibe.

Tsiku lina masana, chimanga chitakhwima, ndinapita kumjigo, ndipo pobwera ndinapeza mpando umene ndinawasiyapo uli wokha, chitini palibe. Ndinathamangira kumunda. Anthu inu! Njovu ili ndi mwana wake ikuthyola chimanga, amuna anga ataima pafupi ngati apa ndi pakhomo, chitini dzanja ili, ndodo dzanja ilo, akungoyang'ana. Miyendo inakumbukira njira ya kumunda, koma mutu sunkadziwa chimene abwerera. Ndinakwawa m'mizere, n'kuwagwira malaya kumbuyo kuti ndiwakoke mwakachetechete, iwo n'kundifunsa mokweza, mwaulemu ngati ndine mlendo, kuti kodi chitinichi n'cha ndani. Njovu inatembenuka, makutu tambasu. Zikanapanda zitini za anansi a minda ya pafupi, amene anaiona n'kuyamba kumenya, bwenzi tonse awiri atatitola m'chimangamo.

Anakhalabe ndi moyo zaka zingapo, ndikuwasambitsa ndi kuwadyetsa, ndipo anamwalira pamphasa pawo osandidziwanso. Ngakhale pamaliro alamu ankanong'onezanabe za mankhwala.

Manje ine ndimakhulupirira kuti panalibe ufiti, anali matenda a ubongo amene amabwera pang'onopang'ono. Wachikulire wanu akayamba kuiwala zinthu zimene sankaiwala, musaseke ngati ine, pitani naye kuchipatala, ndipo mugawane masiku omuyang'anira m'malo molozana zala. Ine kuseka kwa njinga kuja kumandiwawa mpaka lero, ndikangoona chitini chija.