Zipolopolo za a Makwinja n'zopepuka

Abale anga, chimanga chabereka chaka chino, chabereka ine! Munda wanga wa kutsidya kwa Lirangwe ukuchita kuseka. Koma apusi nawo amva. Akubwera ndi ana kumsana ngati ndawaitanira chinkhoswe.

Lachiwiri m'mawa kunafika amuna awiri a mfuti kumunda. Woyamba a Makwinja, mlamu wanga, amene amalondera minda kuno, ndipo mwini munda amawathyolera mondokwa akamaweruka. Wachiwiri Che Saidi a ku Mdeka, anzawo a malemu amuna anga, amene ankangodutsa.

Anakhala pachulu n'kuyamba kuonetsana zipolopolo. Cha Che Saidi n'chogula, kakafupi ngati nsonga ya chala chakanise. Cha a Makwinja n'chachitali, chonenepa kumunsi. Iwo amati sagula, amatola zigoba zakale n'kuthiramo okha wonga kunyumba.

"Kanuko, Che Saidi, n'kophera mbewa," anatero a Makwinja. "Mphepo ikangotsokomola kapita kwa eni."

"Kanga sikalalata, achimwene, kamangoti pha! Pusi pansi. Chanucho chimadzutsa anthu mpaka ku Chileka, koma mchira wa pusi munauonetsako ndani?"

Tinaseka tonse. Koma ine ndinayamba kuganiza. Zoonadi, mchira tinauona liti? A Makwinja akawombera kwa ine, apusi amathamangira kwa a Nasibeko, oyandikana nane munda. Mawa a Nasibeko awaitana, phuu! Apusi abwerera kwa ine. Dengu la mondokwa likungoyenda ulendo umodzi, wa kwa a Makwinja.

Ndinati, "Alamu, tandibwerekani ndigwireko."

"Si za amayi izi, mlamu."

"Dzanja lokha, sindidya."

Anandipatsa monyinyirika, Che Saidi nawo n'kundipatsa kawo. Inetu sukulu ndinalekera panjira, koma dzanja ili lapeta zaka zambirimbiri. Limadziwa mtedza wokhwima ndi khoko lopanda kanthu usanaswe. Kakang'ono ka Che Saidi kanakhala pachikhatho ndi kulemera kwake, kamutu ka mtovu kali nga! Chachikulucho, mayo ine, kumutu kopepuka ngati chitsononkho. Ndinakanda ndi chikhadabo. Phula la kandulo, lodetsedwa ndi mwaye!

Ndinatenga chidebe changa chakale chotungira madzi, n'kuchikhazika pachitsa poyera, kumbuyo kuli chulu.

"Alamu, pusi wanu uyo. Sathawa, alibe miyendo."

Anayang'ana kumwamba, anayang'ana pansi. Akuti dzuwa likuwathobwa m'maso. Che Saidi anati, "Tembenukirani uku, achimwene, dzuwa lili kumsana." A Makwinja anawombera. Phuu! Mbalame zonse balala, makutu anga ngwee. Chidebe chili phee, chosabooka ngakhale pa nsonga ya singano.

Ndinaimba nthungululu, anthuni, ndinavina pamzere pomwepo ndi nyamakazi yanga!

A Makwinja akuti mtovu ukusowa masiku ano, ndiponso kupha nyama ya Mulungu n'tchimo. Mwina. Nanga bwanji osanena poyamba, tikanangomenya zitini tokha? Tchimolo limayamba pa pusi pokha, pa mondokwa wa mkazi wamasiye silifika?

Tsono ndikayang'ana m'mudzi muno, a Makwinja si amodzi ayi. Alipo okonza mjigo, amene ukafa amabwera msanga, ndipo sabata isanathe wafanso pomwe pomwepo. Alipo oyanjanitsa mabanja, amene mlandu m'manja mwawo sutha, umangosamukira khomo lina. Phokoso lalikulu, thukuta lambiri, vuto lili moyo. Likafa, iwo adya chiyani?

Mlamu wanga ndamuuza kuti kumunda kwanga asapondenso, ndipo a Nasibeko ndawafotokozera. Che Saidi alonjeza kubwera Loweruka, Lachisanu ali ku mzikiti. Ndi munthu waulemu, sindikana. Koma ndawauza kale kuti chipolopolo chilichonse chiyambe chagona pachikhatho changa chisanalowe mumfuti.

Inu amene mukulonderedwa kwanuko, munayamba mwagwirako chimene mlonda wanu amaika mumfuti?