Chilimwe Chimene Adadi Ankaitana Eliki

Galaja ya nyumba imene tinkachita lendi ku South Bend, m'chigawo cha Indiana, inkanunkha oyilo wa galimoto, makatoni onyowa ndi labala. Fungo la labalalo linkachokera m'kachitini ka maswiti momwe adadi ankasungamo timalilime toitanira eliki, nyama yaikulu ngati ntchefu, ya nyanga zanthambinthambi. M'tchire la ku Indiana mulibe nyama imeneyi, ndipo adadi anali asanaionepo ndi maso. Koma chaka chimenecho, ine ndili ndi zaka khumi, Dale, mzungu amene ankakankha nawo mabedi a odwala kuchipatala, anawalonjeza kuti mu Seputembala adzapita nawo kumapiri a ku Colorado kukasaka. Adadi, munthu amene chitsikireni ndege m'dziko lachilendoli sanadzigulirepo ngakhale jekete yatsopano, anakagula timalilimeto pamodzi ndi chipaipi chapulasitiki choliziramo. Ulendo umenewu ndi chinthu chokhacho chimene ndinawamvapo akuchilakalaka iwo eni.

Amayi sanakondwe nazo. Adadi anali ndi chifuwa chouma chimene chinayamba nthawi yachisanu, koma masamba anaphuka mpaka kubiriwira chisanasiye.

"Bambo a Tadala, munthu wotsokomola chonchi angakwere phiri? Kachekedweni kaye."

"Ndikachekedwa tikabwerako," ankayankha choncho, maso ali pachipaipi.

Kuyambira mu Julaye, madzulo alionse amene sanali pantchito, tinkayeserera. Eliki ndinali ine. Ankanditumiza kuseri kwa mpanda, kumapeto kwa bwalo, kumene udzu wotchetcha kumene unkanunkha ndipo ziphaniphani zinkayaka m'munsi mwa mitengo. Iwo ankatsalira m'galaja, n'kuika kalilime kaja m'kamwa, n'kuuzira m'chipaipi. Masiku oyamba zinkamveka ngati mbuzi yokodwa pachingwe, moti galu wa aneba ankakuwa mpaka kusasa mawu. Kenako anazidziwa. Kulirako kunkayamba ngati kubangula kwapansipansi, n'kukwera kukhala likhweru lalitali, n'kutsika ndi kudzuma. Ndikakumva, khungu linkachita tsembwe ngakhale kunja kunali kotentha.

Malamulo anawaphunzira kwa Dale, koma ankawanena ngati anabadwa nawo. Eliki yamphongo umaiitana m'bandakucha ndi dzuwa likamalowa, chifukwa masana imagona m'mithunzi. Ukaitana kamodzi, umakhala chete n'kumvetsera. Ikayankha ili kutali, nawe uyankhe, koma ikayandikira, tseka pakamwa, iyo izikufunafuna yokha. Mlenje wolongolola amabwerera chimanjamanja, poti nyama imadziwa kuti inzake sikuwa kosalekeza. Ntchito yanga inali kuyankha ndi kamluzu, kusendera pang'ono, n'kudikira. Lamulo lalikulu linali lakuti ndisafike pagalaja asanandiitane dzina, chifukwa nyama siyenera kuona mlenje.

Mu Ogasiti kudikirako kunayamba kutalika. Likhweru lija linkaduka lisanafike pamwamba, ndipo pambuyo pake pankakhala zii. Ndinkamva sitima ikudutsa kutali, wailesi ya aneba, udzudzu m'makutu. Ine si munthu wopirira, ngakhale lero. Tsiku lina ndinatopa nazo, ndinakuwa kuti, "Adadi, mwagona kodi?"

Panapita nthawi asanayankhe. "Kuona maso a nkhono n'kudekha, Tadala. Panopa tikupulakitisa za nkhalamba ya eliki, yochenjera. Imeneyo imafuna kuidikira."

Ndinakhulupirira ndi mtima wonse. Sukulu itatsegulidwa ndinkadzitama kwa anzanga kuti bambo anga ndi mlenje wa nyama zovuta, ndipo aliyense wotsutsa ndinkamuyang'ana ngati mbuli.

Seputembala atangoyamba, adadi analephera kukwera masitepe a kutchalitchi. Anakhala pansi pakatikati, tayi ili m'manja, milomo itachita mbuu. Madokotala a kuchipatala chawo chomwe anawatumiza kwa akatswiri ku Indianapolis. Ndimakumbukira minda ya chimanga chouma mbali zonse za msewu, amayi ali pachiwongolero, ndi nsapato zatsopano zokwerera mapiri zimene zinatsalira kumbuyo kwa galimoto zili m'katoni yake. Ine ndi amayi tinkagona kwa azakhali ku Beech Grove, kufupi ndi chipatalacho, pamatiresi apabalaza, ndipo akuluakulu ankasiya kuyankhula ndikangolowa. Mawu amene ndinatolapo anali akuti mapapo auma, ndipo sangabwererenso mwakale.

Dale anapita kumapiri ndi anzake ena. Anatumiza kavidiyo pafoni, kutacha kumene, mitengo ili yachikasu, iye akuliza chipaipi chake mobwerezabwereza. Adadi anakaonera ali pabedi, timachubu ta mpweya tili m'mphuno. Anapukusa mutu n'kunena kuti, "Akuitana kwambiri Dale. Aithawitsa." Anaseka, kusekako kunasanduka chifuwa, ndipo nesi ananditulutsa. Ndinakhala pakhonde ndili wokwiya, osati ndi matenda, koma ndi ulendo umene unalephereka pambuyo poti udzudzu wandidya chilimwe chonse. Ndinali mwana.

Anabwerera kunyumba ndi silinda ya mpweya yokoka pamateyala. Sanalizenso chipaipi, ndipo anamwalira chilimwe chotsatira chisanafike.

Patapita zaka, ndili ku koleji, amayi anandiuza zimene ankaona pachitseko cha kukhitchini cholowera m'galaja. Akaliza kamodzi, adadi ankalavula kalilimeko, n'kugwira boneti ya galimoto ndi manja awiri, atawerama, mapewa akukwera ndi kutsika. Ankaluma thaulo kuti chifuwa chisamveke kubwalo. Amayi ankaima pomwepo ndi kapu ya madzi, koma sankawaletsa, chifukwa anali ataona kale kuti phirilo sadzalikwera, ndipo analibe mtima wowalanda ngakhale galajayo.

Ndafunsapo alenje enieni, ndipo akuti lamulo lija ndi loona: umaitana pang'ono, umadikira kwambiri. Adadi sanandinamize, anangosankha choona chimene mwana akanatha kunyamula. Zimandipweteka mpaka lero. Nthawi yonse imene ndinkayesa kuti akudikira nyama, iwo ankadikira mpweya, ine ndili kuseri kwa mpanda, ndikupha udzudzu ndi kudandaula kuti akuchedwa.