Khadi la Mbasela

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha pepala limene linakodwa m'pulinta. Ndinali nditamaliza Giredi 12, ndikungokhala kwathu ku Nabvutika, ndipo bambo anga, amene anagwira choko moyo wawo wonse, anali atagamula kale kuti nanenso ndidzakhala mphunzitsi. Anandituma m'tauni kuti ndikasindikize kalata yofunsira malo ku koleji. Ndinalowa m'kashopu kena kuseri kwa masitolo a nsalu, n'kupeza mwini wake, aMwale, akukalipira pulinta ngati ikumva. Ndinapempha kuti ndiyese. Ndinatsegula kachitseko kakumbuyo n'kusolola pepalalo pang'onopang'ono osaling'amba. Iwo ankangondiyang'ana manja.

"Mawa ubwere seveni koloko," anatero. "Kalata yako tidzasindikiza tsiku lina."

Kalatayo sinasindikizidwe mpaka lero, ndipo bambo anatha sabata yathunthu osandiyankhula.

Kusindikiza ndi kufotokopa kunali kongopezera ndiwo. Ntchito yeniyeni inali kuchipinda chamkati. Kuli makompyuta ena odula kwambiri ochokera kunja, amene ojambula mafilimu ndi oimba amawafera chifukwa cha sisitemu yake, ndiye kuti pulogalamu yaikulu imene imayendetsa makina onse. Eni ake anaipanga kuti izigwira pa makina awo okha. Ku Chipata ndani akanakwanitsa kugula zimenezo? Choncho aMwale ankasonkhanitsa zida wamba zotsika mtengo, zambiri za salaula, zogwiritsidwapo kale ntchito, n'kumanga kompyuta imene sisitemuyo inkanyengeka nayo n'kuganiza kuti ili kwawo.

Koma sisitemuyo inali ngati mlendo wosankha ndiwo. Chida chimene sikuchidziwa inkangochikana, kaya chikhale champhamvu motani. N'chifukwa chake aMwale anali ndi kope la ana a sukulu momwe analembamo manambala a zida zogwirizana nayo: mazabodi, purosesa, khadi la zithunzi limene limatulutsa chithunzi pa sikilini, kachipu ka mawu, ka waifai. Zina anazidula ndi bolopeni yofiira atapsa nazo. Chida chikabwera sankakhulupirira zolembedwa pa katoni. Ankatenga galasi lokuzira zinthu n'kuwerenga nambala pachida penipenipo.

Anandiphunzitsa kugwira felemu yachitsulo ya chitseko ndisanakhudze chilichonse, kuti magetsi a m'thupi asaphe zida. Anandiphunzitsa kuika phala loziziritsira purosesa, kadontho kofanana ndi njere ya mpunga, ndi kumanga masikulu mopingasa osati motsatana. Kenako tinkakonza fulashi yokhala ndi sisitemuyo pamodzi ndi timafayilo toinamizira. Fulashiyo tinkaikonzera pa kompyuta ya aMwale, yoyamba imene anamanga, yomwe inkakhala pakona ikuimba nyimbo zakwaya tsiku lonse. Ndinkaikonda ntchitoyo mpaka ndinkadana ndi Lamlungu.

Chaka changa chachiwiri, mu Febuluwale, kunabwera Tamara Jere, mayi wojambula maukwati. Laputopu yake, ya mtundu wodula uja, inali itafa ndi madzi a denga lodontha. Chimene chinapulumuka chinali disiki yakunja, momwe munali filimu imene anakhala akuilumikiza kwa zaka zitatu. Inali ya bambo ake, amene ankatsogolera gulu lovina ngoma ku Mtenguleni nthawi ya Ncwala, mwambo wa Angoni. Chaka chimenecho anali atafa ziwalo mbali imodzi, ndipo kwa nthawi yoyamba sakanapita ku mwambo. Tamara ankafuna kuti Loweruka la Ncwala, anzawo akamavina, iwo adzakhale akudzionera pa sikilini kunyumba. Filimuyo inkatseguka ndi sisitemu ija basi, ndipo inkafunika masiku awiri athunthu kuti aimalize.

AMwale mwendo unali utatupa, ndiye anandituma ine ku Lusaka, koyamba. Anakopera manambala kuchokera m'kope n'kundipatsa kapepala.

"Zimene zili apa, chabe," anatero. "Wamva?"

Ndinati ndamva. Ndinakwera basi Lamlungu m'mawa, ndinagona kwa azakhali, ndipo Lolemba ndinapita kusitolo imene anandilozera. Mwini wake anali Che Yusufu, mkulu wa ndevu zoyera ndi kachipewa koluka. Nditangopereka moni anaika bolopeni pansi.

"Chinyanja chimenechi si cha muno. Kwanu n'kuti, mwanangu?"

Nditati ku Chipata anasangalala ngati waona mdzukulu. Anandiuza kuti bambo ake anachokera ku Mangochi, ndipo iyeyo anakulira ku Chipata konko asanasamuke. Anandiitanitsira tiyi ndi vitumbuwa, kwinaku akundifunsa za misewu ndi mitengo ya mango imene ina inadulidwa kalekale. Zida zonse zinapezeka monga mwa kapepala. Titafika pa khadi la zithunzi, anatsitsa limene linalembedwa, lafumbi, n'kupukusa mutu.

"Mwana wa kwathu anyamule chinthu chokalamba chonchi? Iyayi." Analowa mkati n'kutuluka ndi lina lonyezimira, la mafani awiri. "Tenga ili. N'latsopano, lamphamvu kuposa ilo. Mtengo ndi womwewo. Imeneyi ndi mbasela yako."

Anandipatsa ndi manja awiri. Kwathu tinaleredwa kuti mkulu akakuninkha chinthu motero, umalandira, umagwada pang'ono, umathokoza. Kumuuza kuti ndikufuna chafumbicho kukanakhala ngati kumulavulira tiyi wake. Koma ndisabisale kumbuyo kwa ulemu wokha. Munalinso matama. Ndinkadziona ndikulowa m'shopu, aMwale akutsegula katoni, n'kunena kuti mnyamatayu ndi wochenjera. Foni inali m'thumba, ili ndi mayunitsi, ndipo sindinaimbe. Mpaka lero ndikakumbukira pamenepa ndimamva kutentha kumaso.

Ndinafika ku Chipata Lachiwiri madzulo, ndipo Lachitatu m'mawa tinayamba kumanga. Kunja mvula inkawaza. Tamara anakhala pabenchi, disiki yake ataikulunga m'chitenje ngati khanda. AMwale ankakonza fulashi, ine ndikumanga zida, ndipo khadi ndinaliika ndekha mwakachetechete, kudikira kuti ndiwadabwitse zikayaka.

Tinayatsa. Mafani anazungulira. Timalemba toyera tinayamba kuthamanga pa sikilini monga mwa masiku onse, kenako tinaima, sikilini n'kuda bii. Tinazimitsa, tinayatsanso, chimodzimodzi. AMwale anasintha chingwe. Anazula ramu, kachida ka memole, n'kuibwezera. Anakonzanso fulashi kuyambira pachiyambi. Dzuwa linafika paliwombo tikuyesabe. Ndinali nditadziwa kale, koma pakamwa panakana kutseguka.

Pomaliza anapendeketsa bokosi la kompyuta, anasuzumira, n'kuzula khadi lija. Anatenga galasi lawo. Anawerenga nthawi yaitali kuposa mmene nambalayo inkafunira.

"Yona, ili si limene ndinalemba."

"Ndi labwino kuposa lija, abwana. Anandipatsa mbasela."

"Labwino kwa ndani?"

Anatsegula kope n'kundionetsa tsamba limene ndinali nditalionapo kambirimbiri. Makhadi atsopano a mtundu umenewo sisitemu inali itasiya kuwazindikira, ndipo panalibe kafayilo kalikonse kokonza zimenezo. Purosesa imene tinasankha, pofuna kupeputsa mtengo, sinkatha kutulutsa chithunzi payokha. M'Chipata monse munalibe sitolo yosunga khadi lakalelo. Kubwerera ku Lusaka kukanatanthauza kufika Lachisanu madzulo.

Tamara sanakalipe. Anangofunsa motsitsa mawu, akuyang'ana pansi.

"Ndiye Loweruka atate azikangomva mabasi akudutsa kupita ku Mtenguleni?"

Ndikanakonda akanandimenya khofi.

AMwale anadzuka, akukoka mwendo wotupa uja, n'kupita pakona. Anazimitsa kompyuta yawo, kwaya n'kudukira pakati pa nyimbo. Anamasula chivundikiro, n'kundiitana.

"Bwera, gwira masikuluwa. Usataye."

Khadi la m'kompyuta yawo linali lofanana ndendende ndi limene analemba pakapepala. Analipemerera fumbi ndi kapampu ka labala, analipukuta mano ndi chofufutira pensulo, n'kundipatsa kuti ndiliike ine. Ndinaliika, iwo akuyang'ana manja anga. Tinayatsa. Timalemba tinathamanga, tinafika pamene tinkaimira paja, n'kupitirira. Sikilini inayera.

Kulowetsa sisitemu ndi pulogalamu yolumikizira mafilimu kunatenga masana onse. Cha m'ma folo koloko Tamara anamasula chitenje n'kulumikiza disiki. Panatuluka mkulu wamtali, chikopa cha nyama paphewa, chishango kumanzere, mwendo uli m'mwamba, fumbi lili koboo. Tamara anagwira pakamwa. Ine ndinatuluka panja n'kukaima pamvula, chifukwa sindinkafuna kuti andione ndikulira.

Lolemba lotsatira Tamara anabwera kudzatiuza kuti bambo ake anaonera filimuyo katatu, akuponda pansi ndi mwendo wamoyowo mpaka kapu inagwa patebulo. Koma pakona pa shopu panakhala zii. Titaimbira Che Yusufu, khadi lafumbi lija anali atagulitsa kale, ndipo lina tinalipeza Pasaka atadutsa. Masabata onsewo aMwale anabweza makasitomala awiri chifukwa tinalibe pokonzera fulashi. Sanandichotse ntchito, sanandikalipirenso. Chete wa pakona uja ndiye anali chilango changa, ndipo ndinkamumva tsiku lililonse.

Ndinagwira nawo zaka zisanu. Lero ndili ku Lusaka, ndimayang'anira makompyuta a mu ofesi ina, omatidwa ndi guluu, oti akafa umangolemba lipoti. Eni a sisitemu ija anasintha kapangidwe ka makina awo, ndipo ntchito yathu ija ikutha pang'onopang'ono ngati sopo. Ndimaisowa kwambiri. Ndimasowa fungo la fumbi lotentha, phokoso la mvula pamalata, ndi kamphindi kaja timalemba tikamathamanga, tonse awiri titagwira mpweya. Chimene ndinatengako n'chakuti chida sichikhala chabwino pachokha, chimakhala chabwino chikagwirizana ndi zinzake ndi munthu amene akuchidikira. Wina akandipatsa choposa chimene ndatumidwa, ndimalandirabe ndi manja awiri, koma ndisanachoke pakhomo pake ndimayamba ndaimba foni.

Chaka chatha ndinapita kukawaona aMwale kumunda kwawo, njira ya ku Chadiza, kumene anakakhala atatseka shopu. Maso awo anachita khungu. Ndinali nditakonzekera mawu opepesa amene ndinalephera kunena zaka zonsezi, ndipo ndinawayamba bwinobwino, kuyambira pa tiyi wa Che Yusufu. Anandidula.

"Khadi liti?"

Ndinafotokozanso. Anakhala akuganiza, kenako nkhope inamasuka.

"Oo, mwana wa aJere uja! Mkulu uja anaionera filimu yake, eti?"

"Anaionera, abwana. Katatu."

"Basi," anatero. "Ndiye kuti tinagwira ntchito."