Kathumba ka M'khwapa

Azakhali anga, amene anandilera, anali telala, ndipo sankakhulupirira munthu. Kasitomala akati nsalu yake ndi mamita atatu, ankayeza kawiri mwiniwake ali pomwepo. Wina akawayamikira, ankati pali chimene akufuna. Ndinkawakonda, koma kunena zoona ankanditopetsa kwabasi.

Ine ndinabadwa ndi mphumu. Ikandigwira, m'chifuwa munkalira ngati kamwana ka mphaka, ndipo chondipulumutsa chinali kabotolo kopopera mkamwa. Nditayamba sekondale tinapeza lamulo loti mankhwala onse a ana azitsekeredwa m'kabati ya ku ofesi. Wopezeka nawo m'thumba ankalandidwa n'kubwezedwa kunyumba sabata ziwiri. Ahedi anafotokoza mwaulemu kuti ana amapatsana mankhwala mwachisawawa. Azakhali anangoti zikomo, koma potuluka anayenda kuchokera ku ofesi mpaka kukalasi kwanga akuwerenga mapazi, nakwana mazana awiri ndi khumi, kudutsa bwalo lafumbi. Kenako anafunsa alonda kuti kiyi amasunga ndani. Atamva kuti ndi achiwiri kwa ahedi, amene sankachedwa kuchoka kupita kumisonkhano, sanafunsenso china.

Kabotolo kamodzi tinakapereka ku ofesi. Kachiwiri azakhali anakasokera kathumba mkati mwa yunifomu, pansi pa khwapa, msoko wake wosaoneka ngakhale utayang'anitsitsa. Anandiphunzitsa kukatulutsa nditatsinzina, amvekere chakudza sichiimba ng'oma. Anandiletsanso kuuza aliyense, ngakhale mnzanga wa pa desiki, poti ameneyo ankaseka kwambiri.

Vuto linali Lolemba. Tsiku limeneli atsikana tinkafola pakhonde kuti atisechere mafoni, ndipo wosecha anali mphunzitsi wa masamu, mayi wamtali wosaseka, amene tinkawatcha Mayi Chipikisheni. Dzanja lawo linkadutsa m'nthiti, pafupi ndi kathumba kaja. Ndikafika kunyumba azakhali ankandipanikiza ndi mafunso: anakuyang'ana bwanji, dzanja linaima kapena linangodutsa, anauza chiyani aphunzitsi anzawo. Ndikati palibe, ankati mayi ameneyo akudikira tsiku lake.

Loweruka lina masana, ndikuchotsa maulusi pa siketi ya kasitomala, Mayi Chipikisheni anatulukira pakhomo pa shopu atanyamula jumbo. Azakhali anandikankhira kuseri kwa katani, n'kuponya nsalu pamwamba pa yunifomu yanga imene inali patebulo. Ndinachita mantha moti chifuwa chinayamba kuthina.

Atapatsana moni, aphunzitsi aja anatulutsa kadiresi ka yunifomu ya kupulayimale, ka mtundu wina, n'kunena kuti akufuna kathumba ngati ka mwana wa pano.

"Kathumba kati, amayi? Ine ndimasoka matumba a m'mbali basi," anatero azakhali.

Anasuzumira panja kuti aone ngati pali wina wabisala. Anafunsa ngati atumidwa ndi ahedi, ngati m'jumbomo muli foni yojambula mawu, ndiponso chifukwa chake alambalala matelala onse a mumsewu uno n'kudzafika pano. Aphunzitsi aja sanakwiye. Anakhala pa kampando ka makasitomala, ndipo kanali koyamba kuwaona akuoneka otopa.

"Ndimakakhudza Lolemba lililonse chiyambire teremu yoyamba. Ndikanafuna kunena ndikananena kale," anatero. "Mwana wanga ali sitandade folo, nayenso ali ndi mphumu. Lachinayi anabanika m'kalasi, wa kiyi atachoka. Ndinakamupeza kuchipatala milomo itada."

Azakhali anatenga kadiresi kaja n'kukatembenuza. Anayang'ana kolala yoperepeseka, dontho la inki pachifuwa, ndi mpendero umene unatsitsidwa kawiri ndi munthu wosadziwa kusoka. Anakanunkhizanso, ine ndikuona pa mpata wa katani, manyazi atandigwira. Kanali kadiresi kovalidwa ndi mwana weniweni, ndipo ngakhale azakhali sakanatha kutsutsa.

"Amalemba ndi dzanja liti?" anafunsa.

"Lamanzere."

Anatenga choko chawo n'kulemba kamzere pansi pa khwapa lakumanja, pamene dzanja la mwanayo lingafike msanga. Kenako, osatembenuka n'komwe, anandiitana kuti ndituluke kuseri kwa katani ndiwaonetse aphunzitsi anga mmene amakatulutsira.