Manda amene tinkasesa

Lachiwiri lapitali ndinaperekeza azakhali anga, a Esinati, kusukulu ya pulayimale ya kwathu ku Khwethemule. Kunabwera anthu a kuyunivesite kudzationetsa zithunzi za dera lathu zojambulidwa kuchokera mumlengalenga. Ine mumandidziwa kale, posonkhana anthu sindisowa. Koma ulendo uno ndikanadziwa, ndikanatsala kunyumba.

Mayi wotsogolera gululo anafotokoza kuti kandege kawo kamaponya kuwala pansi, kuwalako n'kumadutsa m'mipata ya masamba mpaka kukagunda dothi. Pachithunzi tiyi yense amachoka, mitengo imachoka, n'kutsala nthaka yokhayokha ngati mutu wometa mpala.

Pansi pa tiyi wa esiteti ina, pamene ife timangoona kubiriwira, panaoneka mizere ya minda yakale, kanjira kopita kudambo, ndi timabwalo tozungulira pamene panali nyumba. Mudzi wathunthu! Mayiyo anati akatswiri akale ankaziyesa ngalande zokumbidwa ndi azungu.

Azakhali anadzuka ndi ndodo yawo n'kusendera pafupi. Iwo anabadwira m'mudzi umenewo, ndipo amayi awo anamwalira iwo akuyamwa, mudziwo usanasamutsidwe. Nkhope yawo saidziwa, chithunzi palibe. Chimene anali nacho ndi kachitunda ka mitengo m'mphepete mwa msewu wa esiteti, kamene achikulire ena anatilozera kalekale kuti ndiwo manda a mudziwo. Chaka ndi chaka timapempha alonda kuti tikaseseko, azakhali ali patsogolo ndi nyimbo.

"Mayi, tandionetsani manda athu, a pamitengo paja," anatero azakhali.

Mayiyo anayamba wayang'ana ine, kenaka anatsitsa mawu. "Amama, pamitengo paja tinafikapo. Ndi dothi limene anaunjika polambula msewu. Koma taonani apa, kumunsi kwa mudzi, timitumbira tandandalikati. Sindingalumbire tisanafufuze, komabe tikuoneka ngati manda."

"Pamenepo ndi pati?"

"M'munda wa tiyi uja wa kumtunda kwa damu."

Ine mtima unandipweteka, chifukwa m'munda umenewo ndi mmene azakhali anatchola tiyi kuyambira ali mtsikana mpaka msana utapindika.

Abale anga, kodi mudzi umatha bwanji mpaka ana ake osadziwa pamene pagona mayi wawo? Timanyadira kuti Thyolo ndi wokongola, alendo amaimitsa galimoto n'kumajambula. Ndani amafunsa zimene zagona pansi pa kukongolako? Makolo athu anasamutsidwa mwachangu, ena anali atangofika kumene kuchokera ku Mozambique, ndipo nkhanizi sankakonda kuzikamba. Ifenso sitinafunse. Tinali otanganidwa ndi dengu ndi sikelo, lero tikudikira kandege kuti katiuze kwathu.

Makinawo sindikuwada, ananena zimene anaona. Koma anthu a zithunzi apakira katundu wawo, abwerera kutauni. Watsala ndi nkhaniyi ndi mayi wokalamba amene sangazule ngakhale tsinde limodzi la tiyi wa eni ake.

Pobwerera azakhali anakana njinga ya kabaza, anati tiyende pansi. Tinadutsa pamitengo paja osacheuka. Titafika kumtunda kwa damu anaima, n'kumayang'ana atsikana akutchola, madengu ali kumsana. Ndinayesa kuwatonthoza kuti mayi uja sanalumbire, mwina si manda.

"Iwe usandinyengerere ngati mwana," anatero. "Ine ndimadandaula kuti amayi sanandione ndikukula. Kani ndimabwera kwa iwo m'mawa uliwonse, mvula ndi dzuwa, n'kumawaponda osapereka ndi moni womwe."

Anagwada movutikira m'mphepete mwa mundawo, anaomba m'manja katatu, n'kunena chapansipansi: "Amayi, ndine Esinati. Ndakalamba."

Chaka chamawa abale adzabwera ndi matsache monga mwa masiku onse. Tandiuzani inu, ndidzawatengere kuti?